Waya wa M'thengo ndi Waya wa M'mudzi

 Ndikudziwa kuti mwezi uno si wokhala pansi. Ena mwasiya thonje m'munda, ena mpunga uli padzuwa, ena mwachita kupempha kuntchito chifukwa makampu adzaza alendo. Zikomo kwambiri pobwera. Tsiku lino la 26 Juni linapatulidwa ndi bungwe la United Nations mu 1987 kuti mayiko azikumbukira vuto la mankhwala ozunguza bongo. Koma ine sindinabwere kudzakamba za mayiko onse. Ndabwera kudzakamba za kwathu kuno ku Mfuwe, kuyambira pa Cropping mpaka ku bwalo la ndege, ku Masumba mpaka kwa Jumbe, ndi za ana amene ndawaphunzitsa ndi manja angawa.

Ndiyambe ndi chinthu chimene aliyense wobadwira kuno ku Malambo amachidziwa: waya. Munthu amatenga waya wa mabuleki a njinga kapena wa mpanda, n'kuupinda, n'kuumangirira ku mtengo panjira ya nyama yopita kumadzi. Iye amafuna nswala ya ndiwo. Koma waya susankha. Umagwira nswala, umagwira fisi, mkango, mbulu, ngakhale chitamba cha njovu. Ambiri tinaionapo njovu ya chitamba chachifupi ikuchita kugwada kuti imwe madzi. Ndipo choopsa cha waya n'chakuti sukoka nyama ayi. Umalowa m'khosi mofewa, nyama osamva kanthu. Ikati ipitirize ulendo m'pamene umayamba kuthina, ndipo ikamalimbana nawo umangolowerabe m'mnofu.

Taonani zimene timachita kuno nyama ikakodwa. Woyendetsa alendo akangoiona amaimba foni pomwepo. Galimoto imanyamuka. Bungwe la Conservation South Luangwa, limene linayamba mu 2003, lili ndi dokotala wa nyama: amailasa jekeseni yogonetsa, amadula waya, amatsuka bala, amathira mankhwala, n'kudikira mpaka nyamayo idzuke. Palibe amene amaima pamenepo n'kumaikalipira kuti unakodweranji. Masikauti amagona m'thengo masiku ambiri akuzula mawaya asanagwire kanthu. Wotchera amafunidwa mpaka apezeke. A bungwe la COMACO anaonjezapo nzeru ina: amalandira mawaya ndi mfuti kwa osaka, n'kuwaphunzitsa ulimi wa mpunga, mtedza ndi njuchi, kenako n'kumawagula zokolola, kuti munthu asabwerere ku waya chifukwa cha njala. Ngakhale amayi a ku Mulberry Mongoose amasula mawaya omwewo kukhala zibangili zogulitsa kwa alendo.

Zonsezi ndimazinyadira. Koma mtima umandiwawa ndikaganiza kuti chigwa chino chadziwa kusamalira nyama yokodwa kuposa mmene chimasamalirira mwana wokodwa.

Ndinali ndi mnyamata m'kalasi mwanga. Dzina sinditchula, mwina abale ake ali pompano. Anali katswiri wa masamu, wa mtundu uja womaliza funso mphunzitsi asanamalize kulilemba pabolodi. Ali Giredi 11 anagwidwa kuseri kwa zimbudzi ndi anzake awiri akusuta chamba. Ndudu anakulungira pepala la m'kope lake. Pepalalo ndinaliona ndi maso angawa: linali ndi masamu olembedwa ndi dzanja lake, ndi chichongo changa cha bolopeni yofiira, mbali ina chitapsa. Pamsonkhano wa aphunzitsi, amene analankhula mwaukali kuti achotsedwe ndinali ine. Ndinati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Anachotsedwadi. Kwawo sindinapiteko. Sindinamufunse kuti anayamba liti, anamupatsa ndani, kapena chikumusautsa n'chiyani. Ndinadzamva pambuyo pake kuti bambo ake anamwalira chaka chomwecho, ndipo usiku iye ndiye ankagona pansanja kumunda kulondera njovu, pamodzi ndi amuna akuluakulu amene ankamuuza kuti, "Koka pang'ono mwana, kamachotsa mantha."

Patapita zaka zitatu ndinakumana ndi amayi ake kuchigayo. Anandigwira dzanja, nati, "Aphunzitsi, tabwerani mudzamuone mwana wanu." Ndinamupeza kuseri kwa nyumba atamangidwa mwendo ndi chingwe ku mtengo wa mango, milomo ili gwaa, akulankhula yekha. Amayiwo sanamumange chifukwa cha nkhanza. Ankaopa kuti usiku alowera kumtsinje, kumene kuli ng'ona ndi mvuu. Mbuzi zonse zinali zitathera kwa asing'anga. Atandiona anayesa kuimirira monga ankachitira m'kalasi, nandifunsa kuti, "Aphunzitsi, belu lalira kale?"

Tsiku lija tinamuchotsa sukulu ndinkati ndikuteteza ana ena. Chimene ndinachita n'kukoka waya umene unali kale m'khosi mwake.

Tiyeni tizitchule zinthuzi mayina ake, chifukwa makolo ambiri pano amadziwa chamba chokha. Chambacho ana amachitcha dobo, akulu amati fodya wamkulu. China chimabisidwa pakati pa chimanga m'minda ya kuno, china chimadutsa malire kuchokera ku Malawi, kumene chamba chake chinatchuka dziko lonse ndi dzina lakuti Malawi Gold. Pali kachasu wathu wa gaga ndi shuga, ndi uja wa masau. Pali tujilijili, timene nduna Nkandu Luo analetsa mu Epulo 2012: timapepala tija tinasowa, koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo ta pulasitiki tolowa m'thumba la yunifolomu. Ndiye pali zimene zimatipusitsa chifukwa zili ndi chizindikiro cha chipatala. Mankhwala ena a chifuwa amadzimadzi ali ndi codeine, amene ndi mbale wake wa morphine ndi heroin. Mwana amathira botolo lonse mu chakumwa chozizira n'kumamwa pamaso panu, inu n'kumati mwana wanga samwa mowa. Ku Nigeria vutoli linakula mpaka boma linaletsa kupanga ndi kulowetsa mankhwala a chifuwa amenewa mu 2018. Pali mapilisi a diazepam ogonetsa, ndi a tramadol opha ululu. Ku Lusaka, dera la Chibolya linatchuka ndi malonda amenewa, ndipo heroin kumeneko amamutcha volo.

Musati ku Lusaka n'kutali. Kale inde, pamene msewu wa ku Chipata unali wafumbi ndi maenje. Lero ndi wa tala, basi imanyamuka pano usiku n'kufika ku Lusaka tsiku lomwelo. Msewu umene umatibweretsera fetereza, alendo ndi ambulansi ndi womwewonso umabweretsa zinazi m'kachikwama ka munthu mmodzi. Anzathu a ku Zimbabwe akulira ndi mutoriro, a ku South Africa ndi nyaope, ndipo ku Sierra Leone, mu Epulo 2024, Pulezidenti Julius Maada Bio analengeza kuti dziko lili pangozi chifukwa cha mankhwala otchedwa kush. Konseko zinayamba ndi anyamata owerengeka pakona ya msika, akuluakulu akudutsa n'kumati n'chibwana.

Mwina wina afunsa kuti bwanji tikulimbikira za ana, pamene akulu nawonso amasuta. Yankho lili m'mutu umu. Ubongo wa munthu umakulabe mpaka afike zaka pafupifupi 25, ndipo mbali imene imakhwima pomalizira ndi yapamphumi apa, imene imauza munthu kuti ima kaye, taganiza za mawa. Mbali yofuna zokoma ndi kutamandidwa ndi anzako imakhwima msanga. Mwana wa zaka 15 ali ngati njinga yatsopano yothamanga bwino koma mabuleki asanamange. Mankhwalawa amanyenga ubongo kuti utulutse chisangalalo chochuluka popanda kuchigwirira ntchito. Ubongo ukazolowera, nsima, mpira, nyimbo ndi kucheza zimayamba kusukuluka, ndipo munthu amafuna mlingo wokulirapo kuti angomva bwinobwino ngati kale. Akatswiri a ku America anawerengera kuti mwa anthu 11 osuta chamba, mmodzi amafika polephera kusiya, koma mwa oyamba ali achinyamata ndi mmodzi mwa 6. Kafukufuku amene anatsogolera Marta Di Forti, wofalitsidwa mu 2019 m'magazini ya The Lancet Psychiatry, anaona odwala a m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku Brazil, napeza kuti wosuta tsiku lililonse ali pachiopsezo cha matenda a misala kuwirikiza katatu poyerekeza ndi wosasuta, ndipo ngati chambacho n'champhamvu kwambiri, pafupifupi kasanu.

Pamenepa makolo ndikupempheni chinthu chimodzi: tisanamize ana. Tikawauza kuti aliyense wolawa chamba amapenga, mwana amayang'ana amalume ake amene asuta zaka 30 ndipo akulima bwinobwino, n'kudziwa kuti tanama. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene tinganene amachitaya. Choona n'chakuti si onse amapenga, koma palibe amadziwiratu kuti mwa anyamata asanu okhala pansi pa mtengo umodzi, amene adzamangidwe chingwe ndi uti, ndipo woyamba ali wamng'ono ndiye ali pafupi ndi chingwecho. Ngakhale wosapenga amataya chinthu china chimene ine monga mphunzitsi ndimachiona msanga: mutu umaleka kugwira. Zimene waphunzira Lolemba, Lachitatu zauluka.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuona kuti ndiye gwero la nkhaniyi kwathu kuno. Chaka cha ku Mfuwe chili ndi nkhope ziwiri. Kuyambira Juni mpaka Okutobala makampu onse ali otsegula, ndege zikutera, ndalama ikuyenda. Mnyamata wa zaka 19 amene wapeza ganyu yomanga kampu kapena yotsuka mbale amagwira ndalama imene sanaigwirepo, nthawi zina madola a mphatso ya alendo, popanda womulangiza mmene angaisungire. Novembala ikafika makampu a m'thengo amapasulidwa, antchito ambiri amabwerera kumudzi kukadikira mpaka mvula ithe. Mwezi womwewo a Giredi 12 amamaliza mayeso n'kuyamba kudikira: kudikira zotsatira, kudikira malo ku koleji, kudikira ntchito. Mvula ikalimba madambo amadzaza, njira zimaduka, bwalo la mpira limasanduka chithaphwi. Chimanga chikayamba kukhwima njovu zimalowa, ndipo timatuma anyamata omwewo kukagona kumunda ndi zitini ndi moto, usiku wonse ali maso ndi mantha. Mukukumbuka 2020, matenda a korona atatseka ndege, mmene misewu ya pano inadzazira anyamata ongokhala kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Onjezanipo ichi: mwana wa pano amakula akuona galimoto zikudutsa ndi anthu amene amalipira usiku umodzi ndalama imene amayi ake sangaipeze pa thonje la chaka chonse. Sindikuwada alendowo. Kuyambira 1950, pamene Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo a nyama kuti ndalama za alendo zizithandiza anthu a mfumuyo, ntchito imeneyi yamanga masukulu ndi kuphunzitsa ana athu ambiri. Koma ntchito za m'maloji n'zochepa, ana omaliza sukulu ndi ochuluka, ndipo wotsalira amakhala pamphepete pa msewu akuonerera. Mtima wotere umafuna choutonthoza, ndipo pafupi pomwepo pali shabini, pali makina a juga a bonanza, pali mnzake wa kapepala m'thumba.

Ana ambiri amene ndalankhula nawo sanayambe chifukwa anali oipa. Anayamba chifukwa kuyambira 14 koloko, akaweruka, mpaka dzuwa kulowa, panalibe wamkulu aliyense amene ankawayembekezera kwina kulikonse. Waya wa m'mudzi umatcheredwa pa maola amenewo.

Za malamulo ndinene mwachidule, koma pali bodza limodzi loyenera kuliphera pompano. Anyamata amati, "Boma linaloleza chamba." Ayi. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Cannabis Act ndi Industrial Hemp Act, malamulo olola kulima chamba cha mankhwala, cha kafukufuku ndi cha mafakitale kwa okhawo amene ali ndi laisensi. Ku Malawi anachita chimodzimodzi mu 2020. Kusuta, kusunga ndi kugulitsa chamba m'mudzi ndi mlandu mpaka lero, pansi pa Narcotic Drugs and Psychotropic Substances Act ya 2021 yomweyo, ndipo a Drug Enforcement Commission (DEC), amene alipo kuyambira 1989, amamanga. Mnyamata wolakalaka usikauti, upolisi, usilikali kapena ntchito yoyendetsa alendo adziwe kuti zala zikadindidwa kupolisi, mbiriyo imamutsata pofunsira ntchito. Lamulo la mowa la 2011 nalonso likuletsa kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18. Koma dziwaninso kuti a DEC omwewo ali ndi nthambi yophunzitsa ndi kupereka uphungu. Kholo likhoza kupita kukapempha thandizo mwana asanagwidwe.

Nanga chimene chimathandiza n'chiyani? Ndiyambe ndi chimene sichithandiza, ngakhale chikufanana ndi chimene ndikuchita panopa. Ku America, mu 1983, mzinda wa Los Angeles unayambitsa ndondomeko yotchedwa DARE: apolisi ankalowa m'makalasi kuchenjeza ana za mankhwala. Inafalikira dziko lonselo, ndalama zambiri zinapita. Ofufuza atayerekeza ana amene anaphunzitsidwa ndi amene sanaphunzitsidwe, anapeza kuti kusiyana kunali kochepa zedi. Kulankhula kokha, kuopseza kokha, kuguba ndi zikwangwani kamodzi pachaka, sikuzula waya.

Dziko limene linapeza njira ndi Iceland, chilumba chozizira cha anthu ochepa. Mu 1998, mwa ana 100 a zaka 15 ndi 16 kumeneko, 42 anali ataledzerapo m'mwezi umodzi wapitawo. Pofika 2016 anatsala 5. Olawapo chamba anatsika kuchoka pa 17 kufika pa 7, osuta fodya tsiku lililonse kuchoka pa 23 kufika pa 3. Sanamange ndende zatsopano. Anayamba ndi kufunsa ana eniakewo, mosalemba mayina, kuti madzulo amakhala kuti, ndi yani, ndipo makolo awo amadziwa kapena ayi. Kenako makolo a sukulu iliyonse anapangana: tidziwane, tidziwe anzawo a ana athu, tizikhala nawo nthawi yochuluka, ndipo tisalole maphwando opanda wamkulu. Boma linaika lamulo lakuti ana a zaka 13 mpaka 16 asapezeke panja ikapitirira 22 koloko m'nyengo yozizira, ndipo makolo ankayendera limodzi m'misewu usiku. Boma la mzinda wa Reykjavik linayamba kupatsa banja lililonse ndalama yolipirira mwana masewera, nyimbo kapena luso lina, kangapo pasabata, pali mphunzitsi wamkulu.

Wina ati, amenewo ndi olemera. Zoona. Koma tachotsani ndalamazo muone chotsala: akulu kupangana, kudziwa kumene mwana ali, ndi kudzaza madzulo ake ndi chinthu chimene amachikonda pamaso pa wamkulu womudziwa dzina. Kodi si zimene makolo athu ankachita? Mnyamata ankakhala pabwalo ndi akulu akuluka nkhokwe, akusema mipini, akusoka ukonde. Mtsikana anali ndi anamkungwi. Kwa ife Akunda, ngati kwa Achewa, mwana ndi wa kuchikazi, ndipo amalume ndiwo ankayankha mlandu wake. Lero amalume ali ku kampu miyezi isanu, abambo ali ku Chipata, agogo atopa, ndipo mwana akuleredwa ndi foni. Tikamasonkhana ku mwambo wa Malaila chaka ndi chaka timavina ndi kukumbukira makolo, ndipo n'koyenera. Koma mwambo umene ungapulumutse mwana ndi wa Lachiwiri masana, pamene palibe ng'oma.

Ndipo sitikuyambira pansi. A bungwe la Chipembele ali ndi makalabu a zachilengedwe m'masukulu athu, ndipo ana ena odutsa m'menemo lero akugwira ntchito m'paki. A gulu la masewero la SEKA anaonetsa kuti sewero la Chikunda likhoza kusonkhanitsa mudzi wonse n'kuuphunzitsa popanda kuunyoza. A Project Luangwa athandiza masukulu ndi atsikana. Tili ndi makwaya mu mpingo uliwonse, matimu a mpira wamiyendo ndi wamanja m'mudzi uliwonse. Kuyambira Januwale 2022 sukulu za boma n'zaulere mpaka Giredi 12, ndipo chaka chomwecho thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, mbali ina ndi yolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja: ukalipentala, zamagetsi, zomangamanga, umakaniko. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi. Ndi angati mwa ife amene anagwira dzanja mnyamata wongokhala wa pafupi ndi nyumba n'kupita naye kukalemba? Chimene chikusowa n'chakuti zabwino zambirizi zimayenda bwino nthawi ya chilimwe, n'kuzirala nthawi ya dzinja, pamene ana akuzifunitsitsa. Ndikupempha mipingo ndi masukulu: Disembala mpaka Epulo zitseko zisatsekedwe masana. Kalasi imodzi yotsegula, bolodi ya nsolo, mpira umodzi, wamkulu mmodzi wokhalapo. Ndipo eni minda, mwana wa sukulu asagone pansanja ndi amuna osuta. Tiyeni tilimbikire mipanda ya tsabola ndi kulondera mogawana akuluakulu.

Ndiye pali wotchera. Wa m'thengo amabisala, koma wa m'mudzi timamudziwa tonse. Tikudziwa nyumba imene ana a yunifolomu amalowera kuseri. Tikudziwa kantemba kamene kamagulitsa mapilisi popanda kalata ya dokotala, pamene a ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, amalola ogulitsa mankhwala okhala ndi chilolezo okha. Timakhala chete chifukwa ndi mlamu wathu, ndi wa mpingo wathu, kapena timaopa kulodzedwa. Ndipo pena wotcherayo ndi ife tomwe. Bambo amene amatuma mwana wa zaka 9 kukagula kachasu, mwanayo n'kumanunkhiza botolo panjira, wamuphunzitsa njira, mtengo ndi fungo. Amayi otcheza kachasu sindikuwaweruza mopepuka. Ndikudziwa amasiye amene aphunzitsa ana ndi m'phika umenewo. Iwonso akufunika njira ina yopezera ndalama, monga osaka aja anaipezera ku COMACO, ndipo magulu a banki ya m'mudzi ayambire pa iwo. Koma pali malire amene tingagwirizane lero lomwe, anyakwawa ali pompano: m'mudzi muno mwana sagulitsidwa, mwana satumidwa, ndipo wophwanya aitanidwe pabwalo. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Kwa inu amene mwana wanu wakodwa kale, ndipo ndikudziwa mulipo, musachite manyazi. Zizindikiro mumaziona: maso ofiira, kugona usana, anzake atsopano amene safika pakhomo, nkhuku ndi mbewu kusowa m'nyumba, ukali wosadziwika chiyambi, makope opanda kanthu. Musayambe ndi chikoti, ndipo musalankhule naye ataledzera. Dikirani m'mawa, mukhale naye awiri, mumuuze chimene mwaona, mumufunse chimene chikumuvuta, kenako mutseke pakamwa mumve. Mwina mumva za imfa imene sanailire, za mimba, za kugwiriridwa, za ngongole ya bonanza. Atsikana tisawaiwale: iwo amabisa kwambiri, ndipo amene amawagulira chakumwa nthawi zambiri amafuna malipiro ena, mapeto ake mimba ndi kachilombo. Pitani naye kuchipatala, ku Kakumbi, ku Kamoto kapena chilichonse chapafupi. Akaona kuti pafunika akatswiri amatumiza ku Chipata, mwinanso ku chipatala cha Chainama ku Lusaka. Kupemphera pempherani, koma kuchipatala mupitenso. Pali nambala yaulere ya ana, 116, imene mwana kapena kholo angaimbe. Akasiya n'kubwereranso, musati zakanika. Bala la waya silipola tsiku limodzi, ndipo ambiri amene anasiyiratu anagwapo kangapo.

Zinthu ziwiri izi zikhoza kupulumutsa moyo, muzisunge. Munthu amene wamwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi payekha: akhoza kunjenjemera, kuona zinthu zosaoneka, kukomoka ngati wakhunyu, ngakhale kufa. Chimodzimodzi wozolowera diazepam. Asiyire m'manja mwa achipatala. Chachiwiri, codeine, diazepam ndi mowa zikasakanizidwa zimachedwetsa kupuma. Mukapeza mwana wagona osadzuka, akupuma mwapatalipatali kapena akuliza mkonono wachilendo, musati agone zimuthere. Mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwitse, musamumwetse kanthu, funani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo, ndipo botolo kapena mapilisi amene mwapeza mupite nawo. Achipatala muwauze zoona.

Aphunzitsi anzanga, chilango chikhalepo, koma kuchotsa mwana sukulu kukhale kothera, zina zonse zitakanika. Tikamuchotsa timamulanda maola asanu ndi limodzi okhawo amene anali m'manja mwa akulu, n'kumupereka tsiku lonse kwa omugulitsa.

Ndi inu ana anga a pamphasa. Sindikuuzani kuti anzanu osuta ndi adani anu. Ambiri ndi ana abwino amene waya unawalowa asakudziwa. Ndudu yoyamba sagulitsa, amapatsa, ndipo wopatsayo ndi munthu womukonda, n'chifukwa chake kukana kumavuta. Konzeranitu mawu anu lero, musanafike pansi pa mtengo uja: "Ine ayi, mawa ndili ndi mpira." "Ine ayi, chimandidwalitsa." Mukhale awiri, chifukwa wokana ali yekha amagonja msanga. Wokuuzani kuti chamba chimathandiza kuwerenga, mufunseni zotsatira zake za mayeso. Ndipo ngati wayamba kale, ukuona kuti tsiku silikutha bwino popanda, usadikire kuti ugwidwe. Sankha wamkulu mmodzi amene umamukhulupirira, amalume, azakhali, abusa, mphunzitsi, umuuze. Ukandisankha ine, sindidzachitanso zimene ndinachita kwa mnzanu uja.

Mnyamatayo tinamumasula chingwe tsiku lomwe ndinamupeza lija, ine ndi amayi ake ndi amalume ake, n'kupita naye kuchipatala. Anagonekedwa milungu ingapo. Atatuluka anabwerera ku chamba kawiri, kawiri konse tinapitanso. Lero amamwa mankhwala tsiku lililonse, amakonza njinga pamphepete pa msewu, ndipo mitengo ya masipeya amawerengera pamtima msanga kuposa wa kakyuleta. Kusukulu sanabwererenso. Ndinamuitana kuti abwere lero, anati ali ndi njinga zitatu zoti amalize, koma anavomera kuti Lachinayi lililonse masana anyamata awiri kapena atatu azikakhala naye kuphunzira kumanga sipoko ndi kumata machubu.

Dzina lake ndi loyamba m'kope ili patebulopa. Lili ndi mizere ya masiku, Lolemba mpaka Loweruka, kuyambira 14 koloko mpaka 17 koloko. Amene mungathe kupereka masana amodzi pasabata, kaya ndi mpira, kwaya, kusoka, ukalipentala, dimba kapena kungokhala m'kalasi ana akuwerenga, musanapite mudzere pano mulembe dzina, mudzi ndi tsiku. Osatha kulemba, atsikana awiri awa akulemberani. Anyakwawa ndikupempha mutsalire pang'ono kuti tipangane za tsiku la bwalo.